Ndemanga: kuchotsa fungo la chinyontho m'galimoto pamalo ena otsukira ku Msasa

Abale anga a mu Harare muno, ngati galimoto yanu yayamba kununkha chinyontho ndi mvulayi, ntchito yomwe anandigwirira anyamata a pamalo ena otsukira galimoto ku Msasa ndi yoyamikika. Fungo linatheratu ndipo silinabwerenso. Pali ziwiri zokha zomwe sizinandisangalatse.

Galimoto yanga ndi ya ex-Japan (yoyendapo kale yochokera ku Japan), imagona pansi pa mtengo wa jacaranda ku Avenues. Maluwa aja akamayoyoka mu Okutobala, ena amalowa m'kangalande kamene kali pansi pa galasi lakutsogolo, pomwe pamakhala mawaipa. Mvula ya Novembala inapeza mabowo otulutsira madzi atatsekeka ndi zinyalala zowola. Madzi anasefukira polowera mpweya wa fani n'kutsikira kumapazi a mpando wakumanzere. Kapeti ukaigwira pamwamba inali youma ndithu, koma m'mawa uliwonse magalasi ankachita nthunzi mkati, ndipo mwana wanga wodwala mphumu ankatsokomola njira yonse ya kusukulu. Soda wowaza, makala m'kakatoni, tonunkhira topachika tija, zonsezi zimathandiza pa kafungo kotsalira. Madzi akadali pansi, sizithandiza kanthu.

Chinandikopa mtima n'choti sanathamangire sopo. Mnyamata yemwe anandilandira, amene agogo ake anachokera ku Dedza ndipo Chichewa chake n'chosakanizika ndi Chishona, anayamba wathira madzi ndi paipi pagalasi, mnzake atagona chagada mkati ndi tochi. Posakhalitsa madontho anaoneka kuseri kwa dashibodi. "Achimwene, tikachapa tisanatseke apa, mubweranso sabata yamawa," anatero. Anachotsa chipulasitiki cha pansi pa mawaipa, n'kukumba ndi dzanja matope akuda a maluwa ndi masamba, kenako anapopera mpweya m'mabowo mpaka madzi anayamba kutuluka bwino kuseri kwa matayala akutsogolo. Anaonanso kapaipi kotayira madzi a AC, chifukwa nako kakatsekeka kamanyowetsa malo omwewo.

Atatero anamasula batire, popeza pansi pa mipando pamadutsa mawaya, n'kuchotsa mipando yakutsogolo ndi kutukula kapeti. Apa m'pomwe panali nkhani yonse. Pansi pa kapeti pamakhala chinsalu chokhuthala chochepetsa phokoso, ndipo chimamwa madzi ngati chinkhupule. Atachifinya, madzi abulauni anachucha m'zala zake. Kunsi kwake kunali mathothomathotho akuda a chuku, ndipo pachitsulo dzimbiri linali litayamba kugwira m'mbali mwa bauti. Chuku chimayamba kumera pakangotha maola 24 mpaka 48 malo ali onyowa, ndiye tangoganizani masabata. Gawo lomwe linali litawola analidula n'kuikapo lina, osayesa n'komwe kulichapa. Kapeti anaitsuka, anaiyamwa madzi ndi makina, n'kuiyanika. Pachitsulo anapala dzimbiri n'kupakapo mankhwala. Anasinthanso sefa ya mpweya ya kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo, yomwe inali itanyowa n'kufota. Ambiri otsuka galimoto saikumbukira sefa imeneyi, chonsecho ukayatsa fani fungo limachokera mmenemo.

Tsopano zodandaula. Anandiuza kuti ndikatenge galimoto mawa lake, koma kunja kunali mitambo, magetsi nawo anazima, motero mafani oumitsira sanagwire ntchito. Kudikira ndinakumvetsa, pajatu kubwezera kapeti yonyowa n'kuyambanso vuto lomwelo. Koma bwenzi atandiimbira foni, osati ndizikamvera ndili pageti.

Chachiwiri n'chachikulu. Pomaliza anaika makina otulutsa mpweya wotchedwa ozone m'galimoto atatseka zitseko, kuti aphe fungo lotsala m'mipando ndi kudenga. Makinawa amagwiradi ntchito, koma mpweya wake umapweteka m'chifuwa. Munthu sayenera kukhalamo akamayaka, ndipo akazimitsa, zitseko zizikhala zotsegula nthawi yokwanira. Iwo anandipatsa makiyi fungo lake lobaya m'mphuno likadalimo, ngakhale ndinali nditawauza za mphumu ya mwana. Tsiku limenelo sindinamukweze mwanayo. Pamenepa akonzepo ndithu.

Mtengo wake unali m'madola a ku America, pafupifupi ndalama yodzazira thanki ya petulo, ndipo amalandiranso ndalama za pafoni pa EcoCash. Sefa ndinakagula ndekha mu Kaguvi Street. Poona ntchito yomasula ndi kubwezera mipando, sindinaone kuti andidyera.

Mukapita kumeneko kapena kwina kulikonse, afunseni kaye ngati atukule kapeti komanso ngati afufuze polowera madzi. Akangokamba za shampu ndi pafyumu, pitirirani. Sankhani sabata yomwe kukuwala dzuwa, ndipo ngati m'nyumba mwanu muli wodwala chifuwa, auzeni aisiye galimotoyo zitseko zili pululu akazimitsa ozone musanabwere kudzaitenga.