Miyezi 14 pa GitHub ndi kapulogalamu ka banki mkhonde ya amayi anga

Mu laputopu yanga muli mafoda asanu a mapulogalamu amene ndinawayamba ndi moto n'kuwasiya panjira. Foda lachisanu ndi chimodzi silinafe, ndipo mwezi uno ndakwanitsa miyezi 14 ndikulisamala. Ndi kapulogalamu kowerengera ndalama za banki mkhonde ya amayi anga ku Zomba: masheya a aliyense, ngongole, chiwongola dzanja, thumba la zadzidzidzi, ndi zomwe munthu adzalandire pogawana mu Disembala. Ndimakalemba mu Python usiku ndikaweruka kuntchito. Mnzanga atandifunsa chomwe chasintha ndinamuyankha kuti GitHub, koma yankho limenelo n'lalifupi kwambiri, chifukwa si zonse za mmenemo zimene zandithandiza.

Kwa amene simunaigwiritsepo, GitHub ndi malo a pa intaneti osungirako code, malemba amene amapanga pulogalamu. Inayamba mu 2008 ndipo Microsoft inaigula mu 2018 ndi madola 7.5 biliyoni. Imayenda pamwamba pa Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene wasintha mu code, imene Linus Torvalds analemba mu 2005. Kwa ife a kuno kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika, chifukwa Git imagwira ntchito mu kompyuta mwako popanda intaneti. Magetsi akazima ndimapitiriza ndi batire, bandulo ikatha ndimapangabe commit (kusunga zomwe ndasintha m'mbiri ya Git), ndipo zonse ndimazitumiza ku GitHub ndi push imodzi ndikafika kuntchito m'mawa. Code ndi malemba chabe, sidya bandulo ngati vidiyo. Sindinalipirepo kanthu: kuyambira Januwale 2019 munthu amatha kukhala ndi ma repository (mafoda a code) obisika ochuluka mmene angafunire pa akaunti yaulere, ndipo yanga ndi yobisika.

Chimene chasunga ntchito yanga ndi gawo lotchedwa Issues, lolembamo ntchito zoyenera kuchita ndi zolakwika zoyenera kukonza, limene ambiri amaliona ngati la magulu akuluakulu okha. Kale vuto langa silinali ulesi. Ndinkapeza ola limodzi madzulo, n'kutsegula laputopu, theka la ola n'kutha ndikufufuza pomwe ndinalekeza sabata yatha. Ndikapapeza, tulo tafika. Zikachitika katatu kanayi, mtima umayamba kuiopa ntchitoyo. Tsopano ndisanatseke laputopu ndimalemba mizere iwiri pansi pa issue yomwe ndili nayo: ndalekeza apa, ndipo choyamba kuchita mawa ndi ichi. Nthawi zina ndimatchula dzina la fayilo ndi nambala ya mzere. Ndikabwerako ngakhale patapita masiku khumi, mkati mwa mphindi ziwiri manja ali kale pa ntchito.

Ndinaphunziranso kudula ntchito mapisi. Issue yanga yoyamba inali yakuti "lemba gawo la ngongole", ndipo inakhala chitsegukire miyezi iwiri, chifukwa palibe usiku umene munthu angaimalize. Nditaidula inabala zisanu ndi zitatu: kulemba tsiku lotenga ngongole, kuwerengera chiwongola dzanja cha mwezi umodzi, chochita munthu akabweza theka, ndi zina zotero. Iliyonse ndi ya usiku umodzi. Ukalemba "Fixes #12" mu uthenga wa commit, issue nambala 12 imatsekeka yokha code ikalowa m'nthambi yaikulu. Ndi kanthu kakang'ono, koma kuona ntchito yatsekeka kumandipatsa mphamvu yotsegula ina.

Ma issue abwino kwambiri sachokera m'mutu mwanga. Lamlungu lina amayi anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Iwe, kodi chinthu chako chija chikudziwa kuti wochedwa pa msonkhano amalipira chindapusa?" Sichinkadziwa. Tisanamalize kulankhula ndinali nditalemba funsolo pa app ya GitHub ya pa foni. Kulembera code pa foni sindingakulimbikitseni, koma posunga ganizo lisanauluke uli mu minibasi, app imeneyi imakwana.

Tsopano timabokosi tobiriwira tija. Patsamba lako GitHub imaonetsa chaka chonse ngati timabokosi, kalikonse n'tsiku limodzi, ndipo kamabiriwira ukachita kanthu tsikulo. Miyezi iwiri yoyamba tinandikoka kwambiri, moti ndinkafuna mzere wosaduka. Kenako ndinazindikira kuti masiku ena ndikungokonza kalembedwe ka mawu mu README, fayilo yofotokoza pulogalamuyo, kuti kabokosi kasakhale kotuwa, pomwe gawo la ngongole lili chiimire. Mwana atadwala ine n'kudumpha masiku asanu ndi anayi, kuona mpata umenewo kunandifooketsa kuposa kutopa kwenikweniko. GitHub inachotsa nambala yowerenga masiku otsatizana mu 2016, ndipo ndikuona kuti inachita bwino, koma timabokosito timauutsabe mtima womwewo. Timawerenga kuti wagwira, sitidziwa kuti wagwira chiyani. Usiku umene ndinakhala ndi kope la mlembi wa gulu kufufuza chifukwa chomwe masamu athu akusiyanira ndi K3,500 ndi umene ndinagwira ntchito yaikulu m'mwezi wonsewo, koma kabokosi ka tsikulo n'kotuwa. Panopa ndimalowa molunjika pa Issues, tsamba langa sindiliyang'ana.

GitHub Actions, imene imayendetsa yokha ntchito zimene waiuza, ndinachedwa kuiyamba. Ndinaikonza kuti nthawi iliyonse ndikatumiza code iziyesa yokha masamu a chiwongola dzanja ndi a kugawana. Akaunti yaulere imapereka mphindi 2,000 pamwezi pa ma repository obisika, ndipo ine sindifika ngakhale 100. Pa pulogalamu yogwira ndalama za amayi 22 amene amandidziwa kuyambira ndili wakhanda, mantha olakwitsa ndi amene ankandiletsa kusintha chilichonse. Chizindikiro chobiriwira cha mayeso chinachepetsa mantha amenewo. Fayilo yake ya YAML, yolembamo malangizowo, inandizunguza mutu masiku awiri, chifukwa kampata kamodzi kolakwika kamaimitsa zonse.

Codespaces, imene imakulola kulemba code mu browser, ndi yabwino kwa amene intaneti yawo siduka. Ine ndinaiyesa kawiri n'kubwerera ku laputopu. Zonse za pa GitHub zili m'Chingerezi, ndipo mawu ngati rebase ndi merge conflict amaopsa munthu woyamba kumene. Akaunti yanga ndinaiteteza ndi njira yachiwiri yotsimikizira polowa, ndipo manambala opulumukira amene amapereka ndinawalemba papepala n'kuwasunga kunyumba, chifukwa foni imatha kubedwa. Chinanso, mayina ndi ndalama zenizeni za mamembala sindiziika pa GitHub. Fayilo imeneyo ili mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo amene Git imawasiya, poti chinthu chikalowa m'mbiri ya Git kuchichotsa n'kovuta.

Ngati muli ndi kapulogalamu kamene kagona mu foda, GitHub yaulere ikukwanirani, ndipo muyambire pa Issues. Pa ma issue 61 amene ndatsegula, 52 ndatseka. Imene ili pamwamba usiku uno ndi yosindikiza lipoti la kugawana pa pepala limodzi la A4 ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa msungichuma wa gululi maso ake ayamba kuvuta ndipo akufuna kudzawerenga yekha pamaso pa anzake.