Oxfam, kaunjika wathu wa ku Leeds

Ndinafika ku Leeds mu Novembala ndi zitenje zanga ndi madiresi opyapyala a ku Lilongwe, koma kuzizira kwake abale, ndinkangonjenjemera podikira basi. Mnzanga wa kutchalitchi ndi amene ananditengera ku shopu ya Oxfam, ndi kaunjika ndithu koma zovala zopachikidwa bwinobwino, mtengo wolembedwa kale, palibe zonenerera ngati kwathu, ndipo ndalamazo zimakathandiza osauka. Ndinapeza chijasi chaubweya chofika m'mawondo ndi nsapato zosalowa madzi, mayi wogulitsa anandilangiza kuti ndizivala zovala zingapo mophatikiza. Chitenje chokha sindinasiye ayi, pano ndimachikulunga m'khosi ngati sikafu, kuntchito amachikonda heve. Katundu amasinthasintha, muzipitako pafupipafupi.