Mtanthauziramawu wa Oxford Advanced Learner's pa mawu a khungu lodera ndi dzuwa

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Oxford Advanced Learner's Dictionary, makamaka buku losindikizidwa kakhumi lomwe linatuluka mu 2020, ndipo ndinaganiza zoliyesa pa mawu amene amasokoneza ophunzira ambiri, omwe ndi mawu ofotokoza khungu limene lasintha maonekedwe chifukwa cha dzuwa. Bukuli linayambitsidwa ndi mphunzitsi A. S. Hornby, ndipo Oxford University Press inalisindikiza mu 1948 pofuna kuthandiza anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho.

Chinandichititsa kutsegula bukuli ndi chiganizo china chimene ndinkamasulira, momwe mayi wina wobwera kutchuthi ankauzidwa ndi mnzake kuti akuoneka "tanned". Ife tikati munthu wapsa ndi dzuwa, timakhala tikumumvera chisoni, koma bukuli linandionetsa kuti apa mnzakeyo ankamuyamikira. Mawu akuti "tan" amanena za kudera kumene khungu loyera limachita munthu akakhalitsa padzuwa, pamene thupi likupanga melanin wambiri, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, podziteteza ku cheza chosaoneka cha dzuwa chotchedwa ultraviolet. Kupsa kwenikweni, pamene khungu lafiira, likuwawa ndipo kenako likusupuka, ndiye "sunburn", ndipo womasulira amene wasakaniza mawu awiriwa amasandutsa chiyamikiro kukhala dandaulo.

Chimene ndinakonda kwambiri n'chakuti pa mneni "tan" bukuli limaperekanso tanthauzo la kufufuta chikopa cha nyama. Tanthauzo limeneli ndi lakale kuposa la dzuwa, chifukwa amisiri a ku Ulaya ankanyika zikopa m'madzi a makungwa osinja a mtengo wa oak mpaka zitalimba ndi kusanduka zabulauni. Munthu ukadziwa zimenezi, sudabwanso kumva nsapato kapena lamba zikutchedwa "tan", popeza mawu omwewo ndi dzinanso la mtundu wabulauni wopita kuchikasu. Bukuli limasiyanitsanso kalankhulidwe ka ku Britain ndi ka ku America, ndipo apa n'pofunika, pakuti Mngelezi amati munthu ali "tanned" pamene Mmerika nthawi zambiri amangoti ali "tan".

Mawu akuti "bronzed" amachokera ku dzina la mkuwa wosakaniza ndi chitsulo china, ndipo amanena za thupi lodera mokongola. Akuti "weather-beaten" alibe kuyamikira kotere, chifukwa amafotokoza nkhope yokhakhala ya munthu amene wagwira ntchito panja zaka zambiri, monga mlimi kapena woyendetsa ngalawa, amene dzuwa ndi mphepo zamusiyira makwinya.

Pali chinthu chimodzi chimene mtanthauziramawu aliyense sangachikwanitse m'mizere yochepa, chomwe ndi kufotokoza chifukwa chake "tan" anasanduka mawu oyamikira. Kale ku Ulaya khungu loyera kwambiri linali chizindikiro chakuti munthu ndi wolemera ndipo sagwira ntchito kumunda, koma cha m'ma 1920 maganizo anatembenuka, moti kudera ndi dzuwa kunayamba kusonyeza kuti munthu ali ndi ndalama zokapumira kunyanja. Wowerenga ayenera kuwonjezera yekha mbiri imeneyi pa zimene bukuli lamupatsa.

Amene amalemba kapena kumasulira Chingerezi ndikuwalimbikitsa kukhala nalo bukuli, koma aziwerenga zitsanzo zonse m'malo mothera pa tanthauzo loyamba. Asamale makamaka ndi mawu akuti "swarthy", omwe ena amawaika m'gulu lomweli molakwa. Mawu amenewa nthawi zambiri sakhudzana ndi dzuwa, amanena za khungu lodera limene munthu anabadwa nalo, ndipo popeza m'nthano zakale za Chingerezi ankakonda kuwagwiritsa ntchito pofotokoza alendo okayikitsa, munthu akhoza kukhumudwa mukamunena choncho.