Chilungulira ndicho chandisankhira opaleshoni

Lero ndi tsiku la 9 ndisanaike m'kamwa chakudya chotafuna. Patebulo pano pali kapu ya mkaka wochotsedwa mafuta ndi botolo la madzi, basi. Kwatsala masiku 5 kuti ndikagone pabedi la opaleshoni ya chifu yochepetsa kunenepa, ndipo chiululireni achemwali nkhaniyi pagulu lathu la WhatsApp foni yanga sikupuma. Ndafotokozera azakhali, ndafotokozera amalume, ndafotokozera alamu, koma aliyense akumva zakezake, mpaka wina wafalitsa kuti akandichotsa chifu chonse n'kulumikiza mmero ndi matumbo ngati paipi. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense awerenge yekha.

Ndinabwera kuno kunja zaka 11 zapitazo ndikulemera makilogalamu 74. Mwezi watha sikelo ya kuchipatala inaonetsa 121, pomwe msinkhu wanga ndi mamita 1.63 okha. Madokotala ali ndi kawerengedwe kawo kotchedwa BMI: amatenga kulemera kwako n'kugawa ndi msinkhu, zotsatirazo n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Yanga inatuluka 45 ndi theka. Kuyambira mu 1991 ambiri ankatsatira muyezo umene unakhazikitsidwa ku America, woti opaleshoniyi ndi ya munthu wa BMI 40 kupita m'mwamba, kapena 35 ngati ali ndi matenda obwera ndi kunenepa. Mu 2022 mabungwe awiri a madokotala a ntchitoyi, ASMBS ndi IFSO, anautsitsa kufika pa 35, ndipo anati ngakhale wa 30 yemwe ali ndi matenda monga shuga angathe kuganiziridwa. Ine miyezo yonseyi ndinaidumpha kalekale. Shuga ndili naye, BP ndili nayo, mawondo amalira ndikamakwera masitepe. Mkonono umene mumandiseka nawo uja, atandiyeza usiku wonse anapeza kuti ndimasiya kupuma kambirimbiri ndili m'tulo. Tsopano ndimagona ndi makina othandiza kupuma otchedwa CPAP, chigoba kumphuno ngati woyendetsa ndege.

Amayi atamva anangoti, "Mwana wanga, bwanji osangochepetsa kudya? Mpaka mpeni?"

Ndinati, "Amayi, mukanadziwa kuti ndachepetsa kangati."

Ndinatsikapo makilogalamu 15, n'kukwera 20. Ndinatsikanso 12, n'kukwera 18. Ndinkadziyesa wopanda khama, wadyera, mpaka katswiri wa zakudya atandifotokozera kuti thupi likazolowera kulemera kwina limakuteteza ngati chuma chake. Ukaonda limawonjezera njala ndipo limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu moumira, kufikira litabwerera pomwe linali. Opaleshoni imachepetsa malo a chakudya, inde, koma chachikulu imasintha mauthenga amene mimba imatumiza ku ubongo okhudza njala ndi kukhuta. Ndinayesaponso jakisoni wa semaglutide, uja ambiri amamudziwa ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy. Anandithandiza ndithu, koma nditasiya njala inabwerera ndi ukali, thupi nalo linatsatira.

Musaganize kuti munthu umangofika n'kunena kuti ndiduleni. Kwa ine zatenga miyezi 14, ndipo miyezi 3 mwa imeneyi inangotayika chifukwa kalata yondiitana anaitumiza kunyumba imene ndinasamukako kale, ine ndikudikira ngati chitsiru. Anandiyeza magazi kangapo, mtima, mapapo, mavitamini. Anandipatsa kabuku kolembamo chilichonse chimene ndadya ndi nthawi yake. Kabukuko ndi kamene kanandivula. Katswiri wa maganizo, mayi wofatsa wovala magalasi, anakatsegula n'kuloza ndi cholembera malo amodzimodzi tsamba lililonse: 3 koloko usiku, 3 koloko usiku, 3 koloko usiku. Anandifunsa kuti, "Pa ola limeneli pamachitika chiyani?" Ndinati ndimakhala kuntchito, onse agona, kunja kuli zii. Anafunsanso kuti, "Ndiye imakhala njala?" Ndinafuna kuyankha koma misozi inanditsogolera. Sinali njala. Kunali kusowa anthu. Mayiyo anandiuza mosabisa kuti mpeni sufika kumeneko, ndipo ngati sindipeza china chochita pa 3 koloko ndidzapeza njira yonyengerera ngakhale chifu chaching'ono, chifukwa zotsekemera zosungunuka zimadutsa paliponse. Tsopano pa ola limenelo ndimatumiza mauthenga kwa achemwali. Mwina ankadabwa kuti chikondi chadzidzidzichi chachokera kuti.

Tsono za mitundu ya opaleshoni. Ndinapita kwa dokotala nditasankha kale, chifukwa mnzanga wa kuntchito anachitidwa yotchedwa sleeve gastrectomy ndipo akuoneka bwino zedi. Dokotala anamvetsera, kenako anatembenuza pepala n'kuyamba kujambula.

Anayamba ndi gastric band, kalamba kamene amamanga kumtunda kwa chifu n'kumakathina kapena kukamasula ndi madzi kudzera pa kachida kobisika pansi pa khungu. Kanatchuka kwambiri zaka za m'ma 2000 chifukwa sadula kanthu, koma ambiri saonda mokwanira, ena kamasuntha kapena kudya khoma la chifu, mapeto ake n'kukachotsa. Anajambula n'kuthetha pomwepo. Baluni yoika m'chifu nayo sitinachedwepo: nthawi zambiri imakhala miyezi 6 n'kuchotsedwa, ndipo kwa thupi ngati langa ndi kuthira madzi pamsana pa bakha. Kumapeto kwina kuli duodenal switch, imene imaondetsa kuposa zonse koma imalanda thupi zakudya zofunika kwambiri moti amaisungira anthu olemera kundiposa ine, ndiponso okhoza kutsatira mankhwala mosaphonya. Zinatsala ziwiri: sleeve ndi gastric bypass.

Pa sleeve amadula n'kuchotsa gawo lalikulu la chifu, pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100 alionse, chotsalacho n'kukhala chowonda ngati nthochi. Matumbo sawakhudza, chakudya chimayenda njira yake yakale. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, timadzi ta m'thupi todzutsa njala, n'chifukwa chake ambiri amadzuka njala itazilala. Ndi opaleshoni yofulumirako, ndipo masiku ano ndi imene ikuchitika kwambiri padziko lonse. Koma chimene chachotsedwa chapita, sichibwerera. Ndipo chifu chikakhala chopapatiza chonchi mphamvu ya mkati imakwera, asidi n'kumakankhidwira kummero.

Apa ndiye panagona nkhani yanga. Chilungulira ndakhala nacho zaka zambiri, moti ndimagona ndi mapilo atatu ndipo m'chikwama simusowa mankhwala ake. Ine ndinkachitenga ngati kavuto wamba, sindinachitchule n'komwe poyamba. Koma asanagamule chilichonse anandilowetsa kamera kukhosi. Anandipopera mankhwala owawa ochititsa dzanzi, n'kundilumitsa kapulasitiki, namwino atandigwira phewa akuti pumirani m'mphuno, pumirani m'mphuno, ine maso ali tuzu, malovu ali chuchuchu. Mphindi zochepa chabe, koma ndinaziwerenga zonse. Zithunzi zinaonetsa kuti kumunsi kwa mmero kwafiira ndi kupsa ndi asidi, ndipo kachigawo ka chifu kakwera kulowa m'chifuwa. Anapezanso kachilombo ka H. pylori, kamene kamayambitsa zilonda za m'mimba, ndipo ndinamwa mankhwala ake kaye mpaka katatha.

Dokotala anaika chithunzicho pambali pa zojambula zake n'kunena kuti, "Mayi, sleeve ndikhoza kukuchitani. Koma ndikuopa kuti pakatha zaka zingapo mudzabweranso kudzandipempha kuti ndiisinthe ikhale bypass. Bwanji tingochita kamodzi?"

Gastric bypass ndi yakale kuposa zinzakezi. Anaiyamba ndi Edward Mason ku Iowa mu 1966, ataona kuti anthu amene ankachotsedwa mbali ya chifu chifukwa cha zilonda ankaonda osanenepanso. Mtundu umene ndikachitidwe umatchedwa Roux-en-Y, potengera dzina la César Roux, dokotala wa ku Switzerland amene anayambitsa kalumikizidwe ka matumbo kooneka ngati chilembo Y. Amapatula kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu, kukula kwake ngati dzira, n'kukalumikiza mwachindunji ku matumbo aang'ono. Chifu chachikulu sachichotsa, amalume imvani bwino pamenepa, chimatsala momwemo ndipo chimapitiriza kutulutsa timadzi take timene timakakumana ndi chakudya kutsogolo. Popeza kathumbako sikapanga asidi wambiri, chilungulira chimatha mwa anthu ambiri. Pa shuga napo bypass imachita bwino, moti ena amatuluka m'chipatala mankhwala atawachepetsera kale, asanaonde n'komwe. Kuonda kwake, ziwirizi sizisiyana kutali, ambiri amataya chapakati pa gawo limodzi mwa magawo 4 ndi limodzi mwa 3 a kulemera kwawo, ngakhale bypass imapitirirako pang'ono. Onse amachitidwa kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba, ndi kamera, osati kung'amba monga kale.

Ndinapita kunyumba nditakwiya, kunena zoona. Ndinkafuna yophweka. Ndinatha mlungu wathunthu ndikuwerenga za anthu a sleeve amene alibe vuto lililonse, kufuna kupeza wonditsimikizira zimene ndinkafuna kumva. Usiku wina ndinadzidzimuka asidi atandifika mpaka m'mphuno, ndikutsokomola ngati ndamira, chigoba cha makina chili pambali. Nditakhala tsonga pabedi mpaka kucha, m'mawa ndinaimba foni kuti alembe bypass.

Mtengo wake si wochepa, ndipo sindikunena ndalama. Chifukwa chakudya chizilambalala malo amene thupi limayamwira ayironi ndi kashiamu, ndizimwa mavitamini tsiku lililonse mpaka kufa, kuwonjezapo jakisoni wa vitamini B12 miyezi 3 iliyonse ndi kuyezetsa magazi chaka ndi chaka. Wonyalanyaza zimenezi amatha magazi, mafupa amafooka, ena mpaka mitsempha kuwonongeka. Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac ndasiyana nawo, chifukwa amabowola zilonda pamalo olumikizapo. Ndiye ndikadzabwera kudzacheza n'kudandaula mutu, chonde musadzanditulutsire mapiritsi a m'kabati musanandionetse dzina lake. Palinso chimene amati dumping: ukadya zotsekemera kapena zamafuta kwambiri zimathamangira m'matumbo nthawi imodzi, mtima n'kuyamba kugunda, thukuta kamukamu, chizungulire, kenako kuchimbudzi. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri ndipo ena amagwa nawo m'chizolowezi, mwayi wake ine sindimwa. Wosuta fodya samuchita mpaka atasiya kwa milungu yosachepera 6. Ndipo azakhali amene mumafunsa za mwana wachiwiri chaka chilichonse, apa mupume kaye: andiuza kuti ndisatenge pakati kwa miyezi 12 mpaka 18, thupi likadali kutsika.

Pepala la zoopsa ndinaliwerenga mzere ndi mzere ndisanasaine. Msoko ungathe kudontha, magazi angathe kutuluka mkati kapena kuundana m'miyendo n'kupita kumapapo, matumbo angathe kupotana ngakhale patapita zaka, ndipo kuonda mofulumira kumabweretsa timiyala mu ndulu. Imfa nayo inalembedwa pamenepo. Dokotala anati m'manja mwa anthu ozolowera ntchitoyi chiopsezo chake chimafanana ndi cha opaleshoni yochotsa ndulu. Ndinayerekeza ndi kumene shuga ndi BP zikunditengera ndili ndi zaka 41, ndinasaina dzanja likunjenjemera pang'ono.

Mkaka ndikumwawu si chilango. Munthu wonenepa chiwindi chake chimakhala chachikulu ndi chamafuta, ndipo chimagona pamwamba penipeni pa malo amene dokotala akufuna kugwirapo ntchito. Milungu 2 ya chakudya chochepa kwambiri, cha makalori osapitirira 1,000 patsiku, imachifwetsa kuti athe kuchinyamula bwinobwino. Akatsegula n'kupeza kuti unkaba chakudya angathe kutseka osachita kanthu. Masiku 3 oyamba mutu unkawawa ngati andimenya ndi chibakera, ndipo ndinakalipira mwana wanga chifukwa chongotafuna mokweza. Tsopano zazizira. Ndikuphunziranso kudya ngati khanda: kasupuni kakang'ono, kutafuna mpaka chisungunuke, osamwa madzi pamodzi ndi chakudya koma kudikira mphindi 30. Ndikatuluka ndiyamba ndi zamadzimadzi, kenako zopota, kenako zofewa, ndipo pakatha milungu pafupifupi 6 ndi pamene ndidzayese chakudya wamba, zomanga thupi patsogolo.

Chimene ndikukupemphani kwenikweni ndi ichi. Miyezi ikubwerayi muziona zithunzi zanga masaya akulowa, khosi likutalika, zovala zikulendewera. Chapakati pa mwezi wa 3 ndi wa 6 tsitsi lidzathothoka ndithu, andichenjeza kale, ndipo limameranso. Khungu la m'mikono ndi pamimba lidzakhwepa. Ndikukudziwani, mudzayamba kuimbirana kumbali kuti mwana uja akubisa matenda, wina adzalira, wina adzauza Amayi kuti andiitanitse. Musadzawavutitse Amayi ndi mphekesera, BP yawo mukuidziwa. Wofuna kudziwa andifunse ine, ndidzamutumizira ngakhale zotsatira za magazi.

Chikwama ndalongedza kale: makina a CPAP, masilipasi oyendera m'khonde chifukwa akuti adzandidzutsa tsiku lomwelo kuti magazi asaundane, mafuta opaka milomo, ndi chaja yaitali. Mnzanga wa sleeve uja ndiye akandiperekeze ndipo nambala ya achemwali ali nayo. Akadzangonditulutsa adzawaimbira iwo, iwo ndiwo adzauze Amayi. Enanu mudikire pagulu, osaimba Lachiwiri, foni idzakhala yozimitsa.