Thovu, polima kapena nano: yothandiza ndi iti pokoka mafuta olimba?

Achinyamata akumudzi amene akuphunzira uinjiniya kuno ku Johannesburg akhala akundifunsa funso lomweli pa WhatsApp: achimwene, kafukufuku wa mafuta olimba a pansi pa nthaka tichite wa thovu, wa polima kapena wa nano? Ndiyankhe kamodzi pano.

Vuto lake mukulidziwa kale. Mukapopera madzi m'chitsime kuti akankhe mafuta olimba, madziwo amaboola kanjira kawo n'kukatulukira kuchitsime china, mafuta n'kutsala m'thanthwe.

Ine mtima wanga uli pa polima, sindibisa. Polima ndi mankhwala othira m'madzi opoperawo, ndipo yotchedwa HPAM imapangitsa madzi kunanda ngati therere, ndiye amakankha mafuta onse pamodzi m'malo mothamangira mbali imodzi. Ndipo si za m'mabuku chabe. Ku Daqing ku China akhala akuipopera kwambiri kuyambira 1996, ku Marmul ku Oman kuyambira 2010, ndipo ku Pelican Lake ku Canada inagwira ntchito pa mafuta olimba zedi amene ambiri ankati polima singawathe. Zofooka ili nazo: madzi a mchere wambiri, makamaka a calcium ndi magnesium, amaisungunula mphamvu, kutentha kumaiwononga, ndipo ikadutsa mothamanga pa pampu imadukaduka. Polima ina yotchedwa xanthan imapirira mchere koma mabakiteriya amaidya. Ubwino wa polima ndi woti zonsezi mumatha kuziona pa viscometer, chipangizo choyezera kunanda kwa madzi.

Thovu ndi la komwe akupopera nthunzi kapena gasi. Nthunzi imakwera pamwamba pa thanthwe n'kusiya mafuta pansi, ndiye thovu limatseka njira zotakasukazo kuti itsike. Shell inayesa zimenezi ku Kern River ku California m'zaka za m'ma 1980. Koma likangokhudzana ndi mafuta limaphwa, ndipo sopo wake wambiri, mankhwala ochititsa thovulo, amakanirira pa mwala.

Tsopano nano, tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tothira m'madzi opoperawo. Apa ndiye pamene pandipweteka.

Wogulitsa wina wa konkuno anatibweretsera nano ya silica mulabu, mtengo wa botolo wooneka bwino, mawu okoma. M'madzi opanda mchere inkaoneka bwinobwino, madzi ali mbee. Titasakaniza ndi madzi a mchere ofanana ndi a m'chitsime, kutacha botolo linali litachita mbuu, pansi patadikha zoyera. Tinamuimbira. Iye anati palibe vuto, tingogwedeza ndi sonicator, makina ogwedeza madzi ndi mafunde a phokoso, tisanapope, zibalalika. Tinatero, n'kuyamba kupopera madziwo mu mwala woyesera umene unali m'makina. Sipanatenge nthawi, singano ya pulesha inayamba kukwera osabwereranso, madzi otuluka n'kumangodontha pang'onopang'ono mpaka zii. Titatsegula makina, nkhope ya mwala inali itamatidwa ndi chikhungu choyera chimene ndinachita kupala ndi chikhadabo. Timabowo tonse tinali titatsekeka.

Mwala umenewo unali wa Berea, wochokera ku Ohio ku America, wogula ndi madola, woudikira nthawi yaitali. Mwala wotsekeka ndi silica suchapika kuti ubwerere mwakale. Apa m'pamene bamboyo anatulutsa nkhani ina: yopirira mchere ndi mtundu wina wokutidwa, wamtengo wokwera kwambiri, ndipo pafunikanso mankhwala oletsa tinthuto kugwirana. Zonsezi sizinali pa pepala la mitengo. Iye ankadziwa kuti madzi a m'zitsime za mafuta amakhala a mchere, nanga akanalephera kudziwa bwanji? Ndalama za kafukufuku wa wophunzira n'zowerengeka, ndipo zikatha palibe wokuonjezerani.

Sindikuti nano ndi yachabe. Silica imathandiza kuti mafuta asakanirire pa mwala, ndipo ikasakanizidwa ndi sopo imalimbitsa thovu kuti lisaphwe msanga. Kungoti zambiri zimene mumawerenga zinachitikira mulabu, pa kamwala kotalika ngati chala, osati m'chitsime chenicheni.

Ganiziraninso za ntchito mukamaliza. Kuno ku Joni kulibe zitsime zoterezi, mafuta a Sasol ku Secunda ndi ochokera ku malasha. Mudzafunsira ku Angola, komwe polima anaiyesa pa zitsime za Dalia pakati pa nyanja, kapena ku Oman ndi Canada, ndipo kumeneko adzakufunsani za HPAM.

Choncho sankhani polima. Ngati aphunzitsi anu aumirira pa nano, iikeni mu thovu, ndipo musanalipire randi imodzi, wogulitsayo akupatseni pang'ono muthire m'madzi anu a mchere, igone usiku wonse pa tebulo, mudzaione m'mawa.