Kasinja wa M4A3E8 Sherman wa Tamiya pa muyeso wa 1/35: kumanga kwake ndi kuonetsa kwake

Mwa zifanizo za magalimoto ankhondo zomwe zimagulitsidwa zili tizidutswa ta pulasitiki kuti wogula alumikize yekha, chifanizo cha kasinja wa M4A3E8 Sherman, chomwe kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan inatulutsa m'chaka cha 2015 ndi nambala ya 35346, ndi chimodzi mwa zomwe ndingalimbikitse munthu kugula popanda kukayika kwenikweni. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ntchito yolumikiza imayenda mofulumira ndiponso mosavutitsa, kotero kuti nthawi ndi chidwi cha womanga zimatsalira kupenta ndi kukonza poikapo, ndipo pa ntchito ziwirizi ndi pamene chifanizo chilichonse chimakongolera kapena kuwonongekera.

Kasinja weniweniyo ndi wa ku America, wa m'nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Dzina lakuti Sherman anamupatsa ndi asilikali a ku Britain, potengera mkulu wa nkhondo William Tecumseh Sherman, ndipo akasinja a mtundu umenewu anapangidwa oposa 49,000. Amene chifanizochi chikuonetsa, wodziwika ndi dzina lakuti Easy Eight, anafika kubwalo la nkhondo ku Ulaya mu Disembala 1944, nthawi ya nkhondo ya ku Ardennes, dera la nkhalango la ku Belgium ndi Luxembourg. Ankanyamula anthu asanu, ankayendera injini ya petulo ya Ford GAA, ndipo anali ndi mzinga wa mamilimita 76 m'malo mwa wa mamilimita 75 womwe unkalephera kuboola chitsulo chakutsogolo cha akasinja a Germany monga Panther. Kusintha komwe kumaoneka kwambiri ndi kwa pansi: masipuling'i a mawilo anagonekedwa chopingasa, ndipo matcheni oyendera anakulitsidwa kuchoka pa masentimita pafupifupi 42 kufika pa 58 m'lifupi, kuti kasinja asamatitimire m'matope ndi m'chipale chofewa. Womanga amene wadziwa zimenezi amazindikira msanga kuti maso a woonera adzayamba kugwera pa mawilo ndi matcheni, ndiye kuti mbali imeneyi siyofunika kuithamangira.

Muyeso wa 1/35 ukutanthauza kuti sentimita imodzi pa chifanizo ikuimira masentimita 35 pa kasinja weniweni, choncho chifanizo chomalizidwa chimatalika masentimita pafupifupi 21 kuphatikiza mzinga, ndipo msilikali woima pambali pake amakhala wa masentimita asanu. Muyesowu unafala chifukwa cha kampani yomweyi, pamene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inapanga chifanizo cha Panther choyendera mabatire, ndipo kukula kwa thupi lake kunatengera malo oti mabatirewo akwanepo.

M'bokosi muli mafelemu a pulasitiki wobiriwira moderako, felemu ya tizidutswa toonekera ngati galasi ta nyali ndi timawindo tosuzumirapo, matcheni awiri ofewa, pepala la zizindikiro zomata ndi madzi, ndiponso chifanizo cha mtsogoleri wa kasinja chooneka kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Buku la malangizo ndi lomveka bwino, ndipo pa sitepe iliyonse limatchula nambala ya penti woyenera. Thupi la pansi silinaumbidwe lathunthu, limabwera lili mapuleti osiyana, koma mapuletiwo amakumana mwandendende moti guluu wamadzimadzi, monga Tamiya Extra Thin Cement, akangodonthezedwa pamzere amayenderera yekha mpaka kumapeto, ndipo sipatsala mpata wofuna kumatidwa. Amene anamangapo zifanizo zakale za Sherman za kampaniyi adzaona kuti malo a pamwamba pa matcheni, omwe kale ankasiyidwa otseguka mpaka munthu kumaona kuwala kudzera m'chitseko, tsopano anatsekedwa. Chomwe chinandikondweretsa koposa ndi khungu la mutu wozungulira wonyamula mzinga. Pa kasinja weniweni mbali imeneyi inkaumbidwa ndi chitsulo chosungunula chothiridwa m'chikombole cha mchenga, ndipo inkatuluka yokakala, pamene thupi linkapangidwa ndi mapuleti osalala owotcherera. Kusiyana kumeneku kwaonetsedwa bwino kwambiri pa pulasitiki, pamodzi ndi mizere yowotcherera, ndipo womanga ayenera kusamala kuti asapale ndi sandipepa mopyola muyeso pamene akufafaniza mzere wolumikizira mutuwo, chifukwa kukakala kukachoka kumavuta kukubwezeretsa.

Nkhani ya matcheni imagawanitsa anthu okonda ntchitoyi. Ena amanyoza matcheni ofewa obwera ngati lamba, ponena kuti chifanizo chabwino chimafuna matcheni olumikizidwa kachidutswa kamodzikamodzi. Madandaulo amenewa ndi omveka pa akasinja a Germany ndi a Soviet Union, omwe matcheni awo ankalendewera pakati pa mawilo chifukwa cha kulemera, koma pa Sherman alibe mphamvu kwenikweni, popeza matcheni ake ankakhala okungika pamwamba pa timawilo towachirikiza. Lamba wa m'bokosili amamatika ndi guluu wamba wa pulasitiki, amalandira penti, ndipo akakutidwa ndi matope ochita kupanga, ndi anthu ochepa okha amene angasiyanitse. Kugula matcheni ena apadera ndi ndalama zomwe ine ndingakonde kuziika pa bokosi loonetseramo.

Zofooka zilipo, ndipo zonse zimachokera ku mfundo yomweyo yofuna kuti ntchito ikhale yosavuta. M'bokosi mulibe tizitsulo topyapyala tomwe makampani ena amaikamo, choncho zotchingira nyali zakutsogolo ndi zapulasitiki, ndipo zimaoneka zonenepa poyerekeza ndi zenizeni. Wofuna kuti zioneke bwino amazipala m'kati ndi mpeni wakuthwa mpaka zitapyapyala. Zogwirira zina zinaumbidwa zomatirira ku thupi, ndipo zimakongola zikadulidwa n'kuikapo waya wopindidwa. M'kati mwa kasinja mulibe kanthu, kotero chitseko chotsegula chimafunika kutsekerezedwa ndi chifanizo cha munthu. Chachikulu pa zonse ndi kuchepa kwa katundu wa pamwamba. Zithunzi za m'chaka cha 1945 zimaonetsa akasinja a America atasenza zikwama, matenti opindidwa, mabokosi a zipolopolo ndi zigubu za mafuta kumbuyo, ena ataunjika matumba a mchenga kutsogolo ngati chitetezo choonjezera. Kasinja wopanda zonsezi amaoneka ngati wangotuluka kumene kufakitale. Kampaniyi imagulitsa padera bokosi la katundu wotere, koma tenti ndi nsalu munthu angathe kuzipanga yekha ndi pepala lofewa lonyowetsedwa m'guluu woyera wosungunula ndi madzi.

Kupenta kumaoneka kophweka chifukwa mtundu ndi umodzi wokha, wobiriwira moderako wotchedwa Olive Drab, womwe pa mndandanda wa Tamiya ndi XF-62, koma kuphweka kumeneku ndi msampha. Chifanizo chaching'ono chopakidwa mtundu umodzi woderapo chimameza tinthu tonse tomwe wopanga anavutikira kuumba. Njira yothandiza ndi kusakaniza pentiyo ndi wachikasu pang'ono pa malo oyang'ana kumwamba, kenako kuyendetsa penti wamadzimadzi woderapo m'mizere ndi mozungulira mabawuti kuti mithunzi ioneke. Zizindikiro zimamatika bwino pa malo onyezimira, choncho vanishi wonyezimira amayamba, zizindikiro n'kutsatira, ndipo vanishi wosanyezimira amatsekera zonse pamapeto; kudumpha sitepe imeneyi kumasiya mpweya pansi pa chizindikiro, ndipo m'mbali mwake mumayera ngati siliva. Nyenyezi zoyera, zomwe zinali chizindikiro cha akasinja a America, zili pa pepala la zizindikiro lija, ngakhale kuti asilikali ambiri ankazifafaniza ndi penti kapena matope poopa kuti adani azilozetsapo mizinga, ndipo womanga ali ndi ufulu wochita chimodzimodzi. Chenjezo limodzi ndi lakuti mankhwala osungunulira penti wamafuta akachuluka amafooketsa pulasitiki, makamaka pa tizidutswa ta masipuling'i.

Pa nkhani yoonetsa, kasinja wa kukula kotere ali ndi mwayi umene zifanizo za sitima zankhondo zilibe. Sitima ya Yamato ya ku Japan, yomwe inali yotalika mamita 263 ndipo inamizidwa pa 7 Epulo 1945, imatalika masentimita 75 pa muyeso wa 1/350, ndipo ngakhale pa muyeso wa 1/700 imaposa masentimita 37, pomwe milongoti ndi zingwe zake sizilola n'komwe kupukutidwa. Sherman uyu amakwana pa thabwa la masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, malo n'kutsalako a msewu ndi asilikali awiri kapena atatu. Ndi bwino kumuika mopendekera pang'ono osati molingana ndi m'mphepete mwa thabwa, mutu wake utatembenuzidwira kumbali, chifukwa akaikidwa mowongoka amaoneka wouma. Matcheni ayenera kulowa pang'ono m'dothi lochita kupangalo lisanaume, ndipo mtundu wa matope a pa mawilo ufanane ndi wa pansipo, apo ayi kasinja wolemera matani oposa 30 amaoneka ngati akuyandama. Sikuluu yodutsa pansi pa thabwa kulowa m'thupi imateteza chifanizo pochinyamula, ndipo kachikwangwani kotchula mtundu wa kasinja, malo ndi chaka kamathandiza woonera amene sadziwa mbiriyi.

Adani a chifanizo chomalizidwa ndi fumbi, dzuwa ndi zala za alendo. Fumbi limakanirira pa vanishi wosanyezimira, ndipo bulashi yolichotsera imathyola mlongoti wa wailesi ndi mfuti ya pamwamba pa mutu, choncho bokosi loonekera la galasi kapena la pulasitiki liyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa chifanizocho kuyambira pachiyambi. Dzuwa lolowera pawindo limasulutsa penti, limasandutsa nyenyezi zoyera kukhala zachikasu, ndipo kutentha kukapitirira kumapinda tizidutswa topyapyala. Posankha bokosilo, wogula ayeze msinkhu wa chifanizo pamodzi ndi thabwa ndi mlongoti wa wailesi, chifukwa Sherman ndi wamtali kuposa akasinja ambiri a nthawi yake, ndipo mabokosi ena opangidwira zifanizo za magalimoto wamba amamuchepera chakumwamba.