Miyezi 10 ndili ndi Pi-hole pakhomo

Papita miyezi 10 chiikireni Pi-hole, pulogalamu yotsekereza zotsatsa malonda za pa intaneti, pa kakompyuta ka Raspberry Pi, ndipo sindikuganiza zoichotsa. Foni ikafuna kutsegula tsamba, imayamba yafunsa DNS, chomasulira mayina a pa intaneti, kuti dzina la tsambalo lili pa adiresi iti ya IP, nambala yolozera kompyuta yomwe ili ndi tsambalo. Pakhomo panga Pi-hole ndiyo imayankha funsoli. Dzina likapezeka pa mndandanda wa otsatsa malonda, imabweza 0.0.0.0, adiresi yosaloza kulikonse, chotsatsacho n'kulephera kufika.

Mwezi wachitatu ndinawonjezera Unbound, pulogalamu yofufuza yokha ma adiresi a mayina, kuti mafunso athu asamadutse kwa kampani ina koma azikayambira ku ma seva aakulu 13 omwe ndi muzu wa DNS, otchulidwa ndi zilembo A mpaka M. Dzina lachilendo limachedwerapo ulendo woyamba, koma likasungidwa limabwera pompopompo mpaka TTL yake, nthawi yomwe yankho limaloledwa kusungidwa, itatha.

Chomwe ndikufuna mumve bwino ndi ichi. Tsiku lina mwana wanga anazula chingwe cha Raspberry Pi kuti atchaje foni yake. Timagetsi ta rauta tinkayaka tonse bwinobwino, koma palibe tsamba lomwe linkatseguka. Ndinatha theka la ola ndikuzimitsa ndi kuyatsa rauta. Nditayesa ping (njira yoonera ngati kompyuta ina ikuyankha) pa adiresi yakunja ya 1.1.1.1 inayankha, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti intaneti ilipo, chasowa ndi chomasulira mayina.

Usiku womwewo ndinaika DNS yachiwiri yakunja mu rauta, poganiza kuti izingodikira mpaka yoyamba itafa. Ndinalakwitsa. Zipangizo zina zimafunsa yachiwiriyo ngakhale yoyamba ili moyo, moti patangotha masiku ochepa zotsatsa zinayamba kutulukira apo ndi apo, ine osadziwa kochokera. Zinatheka nditaika Pi-hole yachiwiri pa kompyuta ina yakale, kuti ma adiresi onse awiri akhale a m'nyumba momwemo. Chichitireni zimenezo, ina ikazima palibe amene amadandaula.

Pali zomwe siingathe. Zotsatsa za pa YouTube zimadutsa, chifukwa zimachokera ku mayina omwewo omwe mavidiyo amachokera. Msakatuli ukayatsa DNS over HTTPS, njira yobisa mafunso a DNS, umatumiza mafunso ake pa poti (khomo la pa netiweki) 443 m'malo mwa 53 ya DNS wamba, Pi-hole osawaona n'komwe. Pa laputopu yanga ndinachita kuzimitsa ndekha zimenezi, ndipo ndimayang'anabe nthawi ndi nthawi ngati sizinayakenso.